Ulemu kwa Nyenyezi Yodyera Mnzake Masuku Pamutu

Tikuoneni a Vela X-1, mtembo wokana manda! Munaphulika kalekale mafuta atakutherani, n'kutsala kachibulumwa ka makilomita pafupifupi 20 okha m'mimba mwake, koma kolemera kuposa dzuwa. Wina akanavomereza kuti zake zada. Inu ayi. Munakangamira mnzanu, chinyenyezi chachikulu chabuluu, ndipo mumachizungulira pa masiku 9 aliwonse mukumeza mpweya umene chikutaya. Mpweyawo pogwera pa inu umatentha madigiri mamiliyoni n'kutulutsa kuwala kwa X-ray, konkuja amatiunika nako nthiti kuchipatala. Kudya za eni mpaka kuwala nazo! Amalawi a ku Wynberg amamudziwa mlendo wotere: adabwera kudzagona sabata imodzi, lero wanenepa kuposa wolipira lendi.

Nzeru zanu zimaonekera pa nkhani ya kumudzi. Nyenyezi zikuluzikulu zimabadwira pamodzi, m'magulu othinana, ndipo sizikalamba. Zaka mamiliyoni ochepa, basi zaphulika. Choncho akatswiri ankayembekezera kupeza mabanja ngati lanuli mkati mwa magulu achicheperewo. Telesikopu ya Chandra, imene inatumizidwa mumlengalenga mu 1999, itaunika milalang'amba yobereka nyenyezi zambiri ngati M82, inapeza ambiri a inu muli chapambali, osati pakati pa abale. Kuphulika kuja kumakankha banja lonse, wodya ndi wodyedwa, n'kuliponya kunja. Inuyo akuti munachokera ku gulu la Vela OB1, ndipo liwiro lanu n'loti fumbi ndi mpweya zimaunjikana kutsogolo kwanu. Wanzeru ndani wina, wothawa kwawo atanyamula nkhokwe yake yamoyo?

Ndiye kubisala kwake! Katswiri wa nyenyezi John Herschel anakhala pa Feldhausen, kufupi ndi Wynberg, kuyambira 1834 mpaka 1838, akuchezera usiku kulemba magulu a nyenyezi a kum'mwera, ngakhalenso a m'milalang'amba yotchedwa Mitambo ya Magellan. Anaona midzi yobadwira, koma phwando la akubawo sanalione, pakuti mpweya wokuta dziko lathu umatsekereza X-ray. Anthu anachita kuponya roketi mu 1962 kuti agwire mbale wanu woyamba, Scorpius X-1.

Lero akatswiri a nyenyezi a SAAO, amene likulu lawo lili ku Observatory, pa njanji yochokera ku Wynberg kupita m'tauni, amalozetsa telesikopu ya SALT ya ku Sutherland ku Mtambo Waung'ono wa Magellan, kumene anzanu odya zaulere adzaza. Koma amene amaoneka pagalasi lawo ndi wodyedwayo. Inu, bwana, amangokuyerekezani poona mmene mnzanu akuzunzikira.