Borrow ndi Lend Zautsa Mapiri Pachigwa ku Feira

Sabata ino njovu zapumako m'kamwa mwa anthu a pa boma la Luangwa. Masiku onse nkhani za kuno zimakhala zitatu: kutentha, njovu zomwe zagona m'dimba la uje, ndi mtengo wa nsomba. Koma kuyambira Lolemba, pa doko, pamsika ndi pometera tsitsi, anthu akukangana za mawu awiri a Chingerezi, borrow ndi lend.

Gwero lake ndi kakalata. Mayi wina wa ku Lusaka wogula nsomba anapatsa msodzi ndalama za ukonde ndi mchere, kuti adzabweze ndi pende wouma lisanafike tsiku la 1 Disembala, pamene boma limatseka usodzi mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Poopa kudzakanirana, anaitana mwana wa sekondale kuti alembe pangano. Mwanayo, pofuna kuonetsa kuti yunifolomu savalira fasho, analemba m'dzina la mayiyo kuti: "I have borrowed him two thousand kwacha." Onse awiri anasaina. Nthawi yobweza itayandikira, msodzi anaonetsa pepalalo kwa mphwake wodziwa sukulu, amene anamuuza kuti wochita borrow ndi wolandira. Bamboyo anatsikira ku doko chifuwa chili patsogolo, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Amayi, nanga zija munatenga kwa ine mubweza liti?" Akuti mfuu ya mayiyo inamveka mpaka tsidya, ku Zumbo.

Aphunzitsi ndiwo akuyenda monyadira. Lamulo, iwo akuti, ndi lapafupi: woperekayo amachita lend, wolandirayo amachita borrow, lend imayenda ndi to, borrow imayenda ndi from. Chiganizo cha mwana uja n'chopunduka, ndipo n'chibale wa "borrow me your pen" amene amamveka m'kalasi iliyonse. Koma mphunzitsi wina wopuma ntchito, yemwe amakhala pakhonde la golosale ndi nyuzipepala yadzana, waikira mwanayo kumbuyo. Akuti mwana anaganiza bwinobwino m'chinenero cha makolo ake. Ife timati "ndabwereka nkhafi kwa achimwene", timatinso "achimwene, ndibwerekeni nkhafi", mneni yemweyo uku ndi uku. Chimene timasiyanitsa n'china. Chinthu chodzabwerera chomwecho, monga nkhafi, njinga kapena khasu, timabwereka. Chimene chimatha ukachigwiritsa ntchito, monga ndalama, ufa ndi mchere, timakongola, ndipo mwiniwake amatikongoza. Mngelezi alibe nazo ntchito kuti chinthucho n'chiyani. Iye amangofuna kudziwa kumene chachokera ndi kumene chikupita.

Amayi a pamsika atamva zimenezi anagamula kuti Chingerezi n'chosauka. "Ndiye kuti mchere ndi njinga n'chimodzimodzi?" anafunsa wina uku akuthamangitsa ntchentche pa mulu wa mcheni. "Ndani anabwezapo mchere womwewo?" Mnzake wogulitsa tomato anati mawu awiriwo sangagwire ntchito pamsika uno, chifukwa m'mawa wakongola kwa wa mafuta, masana wakongoza wa makala, madzulo nonse mwakumana ku chilimba. Atafunsidwa maganizo ake, mkulu wina wokongoza ndalama za kaloba, zimene ku Malawi amati katapila, anangoti iye Chingerezi sanaphunzire, koma chiyambire ntchitoyi sanasokonezepo wopereka ndi wolandira.

Oyendetsa maboti owolotsa anthu pa Luangwa kupita ku Zumbo abwera ndi Chipwitikizi chawo. Akuti kumeneko kukongoza ndi emprestar, pamene kukongola ndi pedir emprestado, ndipo pedir ndi kupempha. Choncho wofuna chinthu cha mwini amayamba wadzichepetsa m'galamala momwe. Mmodzi wa iwo, amene amakonda mbiri yakale kuposa kukonza injini yake, anakumbutsa anthu kuti ngongole inafika pa mathiriro a Luangwa ndi Zambezi Chingerezi chisanamveke n'komwe. Dzina loti Feira ndi la Chipwitikizi, kutanthauza msika. M'zaka za m'ma 1700 amalonda a ku Zumbo ankapereka nsalu ndi mikanda kwa anthu awo oyenda kumtunda, kuti adzabwere ndi minyanga ndi golide. Pamene David Livingstone ankadutsa mu 1856, anapeza mabwinja okhaokha. Tauni ya Feira inasintha dzina kukhala Luangwa, koma dera la phungu wa nyumba ya malamulo likadali Feira, ndipo malonda a katundu lero, malipiro mawa, akadalipo.

Ochokera ku Kanyemba, tsidya la Zambezi ku Zimbabwe, akuseka tonse. M'Chishona muli kukwereta ndi kukweretesa, ndipo palibe amene amasochera. Vuto lawo n'lina. Munthu umamukongoza madola a ku America, iye n'kudzabweza ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024, akulumbira kuti masamu ake ndi olondola. Pa doko pomwe kwacha, metikali ndi dola zimakumana m'thumba limodzi, akuti funso loyamba si lakuti wakongola ndani, koma wakongola ziti.

Pometera tsitsi nkhani inakwera mpaka ku Lusaka. Anyamata anakumbutsana kuti mu Novembala 2020 dziko la Zambia linalephera kulipira ngongole yake ya Eurobond, ndipo mu Juni 2023 ku Paris linagwirizana ndi maiko olikongoza, motsogozedwa ndi China ndi France, za kubweza mwa ndondomeko yatsopano ngongole ya madola 6.3 biliyoni. "Ngati dziko lathunthu linapempha kuti aliyembekeze," anatero wina mutu uli wometedwa theka, "msodzi walakwanji?" Wometayo anazimitsa makina n'kuyankha kuti dziko linapempha nthawi, silinapite ku Beijing kukafunsa kuti mubweza liti.

Mlandu weniweniwo unatha msanga kuposa mkangano. Mkulu amene anaweruza sanafune n'kuliona komwe pepalalo. Anangofunsa mafunso awiri: ukonde uli kwa ndani, ndipo unagulidwa ndi ndalama za ndani? Msodzi anakanda m'mutu, nati amangocheza. Mitolo ya pende inakwera lole yopita ku Luangwa Bridge, pamsewu wa Great East, ndipo mwana wa sekondale uja tsopano amalemba mapangano m'Chinyanja, pamtengo wokwererapo.

Aphunzitsi asavule mataye msanga, chifukwa mawu ena awiri ayamba kale kufuka utsi: loan ndi grant. Chiyambire 2022, pamene ndalama za boma zachitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, magulu ena amalandira grant, yomwe sabweza, ena loan, yomwe amabweza. Wapampando wa gulu lina loweta mbuzi wamveka akufotokozera mamembala ake kuti iye kusiyanako sakukuona. Zonse zinaperekedwa tsiku limodzi, pansi pa tenti imodzi, ndipo onse anawombera m'manja mofanana. Msungichuma wa gululo, mayi wosaseka wamba, wayankha kuti kusiyanako adzakuona bwino kalata yachikumbutso ikadzafika, ndipo imeneyo sadzamuwerengera mphwake wa msodzi.