Mavuto a anthu okhuta

Msuweni wanga wa ku Florida anandiimbira foni tambala woyamba asanalire. Ndinadzambatuka mtima uli phaphapha, ndimvekere kwagwa zovuta. Ayi ndithu, mwamunayo tulo tamuthawa chifukwa cholephera kusankha loti agule pa maboti awiri, Bayliner ndi Sea Ray. Onse ndi oyera mbee, msinkhu umodzi, injini ya Mercury kumbuyo. Kusiyana kwake? Akuti mipando ya linalo ndi yofewerapo, ndipo lili ndi kabowo kena koikapo kapu.

"Ndiye uzigwira nalo nsomba zanji iwe?" ndinamufunsa.

Anaseka mpaka kutsamwa. Boti limeneli si losodzera. Ndi lowotchera mafuta Loweruka, kuzungulirazungulira pamadzi n'kubwerera pomwe unakwerera, wopanda ngakhale kausipa m'manja.

Ndinalephera kumuuza kuti mayina onse awiriwo anagulidwa ndi kampani ya Brunswick mu 1986, ndiponso kuti Mercury ndi yawo yomweyo. Kaya aloza ili kaya ilo, madola ake akagona m'thumba limodzi.

Patatha ola lathunthu, ndinangomukumbutsa za malata a nyumba ya agogo, omwe akudontha chaka chachitatu tsopano. Netiweki ya ku America, yomwe inali bwinobwino nthawi yonseyi, inaduka pompo.