Ulemu Upite kwa Apudeti Yofera Panjira

Anthu amaitukwana apudeti yolephera, ija imayamba bwinobwino madzulo koma pofika m'mawa laputopu osadzukanso. Ine ndikuti tiivulire chipewa. Mwa zonse zokhala m'kompyuta, ndi yokhayi imene imaganizira mwini wake mpaka kumupatsa tchuthi chimene sanapemphe.

Taonani ulemu wake. Isanagwire chilichonse imayamba yakuchenjezani kuti musazimitse kompyuta. Masiku ano ndani amene amayamba waodira asanakupwetekeni? Si mlandu wake kuti kwathu kuno magetsi amapita osatsanzika, ndiponso kuti batire ya laputopu yakale imagwira moto wa mphindi zowerengeka. Akathima ntchito ili pakati, mafayilo akale a Windows amakhala atachotsedwa theka, atsopano atalowa theka. Makina aja amayaka, n'kuonetsa timadontho tozungulira, n'kuzima, n'kuyakanso, inu muli tcheru pampando. Sukulu ya kuleza mtima ndi imeneyi, ndipo fizi yake ndi bandulo yokha imene inatha potsitsa apudetiyo.

Ilibenso tsankho. Mu Okutobala 2018, Microsoft inatulutsa apudeti ya Windows 10 yotchedwa 1809, yomwe kwa anthu ena inasesa zonse za m'foda ya Documents. Patangopita masiku ochepa kampaniyo inaibweza, n'kudzaitulutsanso mu Novembala. Mng'ono wake anaposa pamenepo. Pa 19 Julaye 2024, kafayilo kamodzi kolakwika ka apudeti yochokera ku kampani ya CrowdStrike kanagoneka makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki anavutika, zipatala zina zinabwerera ku pepala ndi cholembera. Mankhwala ake kwa ambiri kunali kuyendera kompyuta imodziimodzi, kuiyatsa mu Safe Mode, n'kufufuta kafayiloko pamanja. Ndi mfumu iti inaimitsapo ndege za mayiko ambiri chonchi popanda msilikali ngakhale mmodzi?

Koma ntchito yake yaikulu ndi yodziwitsa munthu chuma chake. Zithunzi za chinkhoswe, maakaunti a banki m'khonde, kafukufuku wa digiri amene watsala mutu umodzi: zonsezi mwini wake amazikumbukira tsiku limene sikirini yasanduka yabuluu. Amanyamula laputopu kupita kwa mmisiri, ndipo mmisiri amafunsa funso limene yankho lake akulidziwa kale: "Bwana, munakopera kwina?" Bwana amayang'ana kudenga.

Apa mpamene chifundo cha apudeti chimaonekera. Kawirikawiri chimene chafa ndi Windows yokha, disiki ili moyo ndipo mafayilo ali phee m'malo mwake. Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kufomata. Amabaya fulashi ya Ubuntu, n'kuyatsa laputopu kuchokera pa fulashipo, n'kutsegula disiki ija, n'kuyamba kusamutsira zonse ku disiki yakunja. Pena amaichotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Pena amapeza foda ya Windows.old, mmene apudeti inasungira Windows yakale, ngakhale kuti mwayi wobwerera kumeneko umatha pakapita masiku 10, poti chifundo nachonso chili ndi malire. Ndiye pali amene disiki yawo inakhomedwa ndi BitLocker. Awa amapemphedwa kiyi wa manambala 48, amene anasungidwa mu akaunti ya Microsoft, imene pasiwedi yake analemba mosamala kwambiri m'kafayilo kamene kali mu laputopu momwemo.

Ngati mafayilo anafufutikadi, pali PhotoRec, pulogalamu yaulere imene imafunika tamando lakelake. Pa hard disk, kufufuta kumangochotsa dzina la fayilo m'kaundula, pomwe zamkati zimakhalabe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. N'chifukwa chake zopulumutsidwa sizisungidwa pa disiki yomweyo, ndipo laputopu yotere siyenera kugwiranso ntchito ina. PhotoRec imakumba n'kutulutsa zonse zimene yapeza, koma popanda mayina ake kapena mafoda: chilembo f, manambala ambirimbiri, basi. Mumakhala ngati mwatsegula belo la kaunjika, kunyamula chimodzichimodzi kuti muone ngati chili chanu. Ndipo siisankha. Pamodzi ndi digiri ija imabweza zithunzi za chibwenzi chakale zimene munafufuta dala musanakwatire, mayi a kunyumba ali chiimire kumbuyo kwanu kudikira zithunzi za ubatizo wa mwana. Mabanja ambiri sakanakambirana zakukhosi pakanapanda apudeti. A laputopu zamakono za SSD mwayi umenewu sauona kawirikawiri, chifukwa kumeneko lamulo la TRIM limapukutiratu zofufutidwa.

Ena akuda nkhawa kuti ngwazi yathu ikukalamba. Ayi ndithu. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 kamene laputopu zambiri zakale zilibe. Anthu akuikakamizabe kulowa, ndiye ntchito ilipo ya zaka zambiri.

Choncho inu owerenga, musaimane mpata. Musagule disiki yakunja, musakopere kanthu pa fulashi, kiyi wa BitLocker musamulembe papepala. Kompyuta ikakupemphani kuti iyambirenso, vomerani pomwepo, makamaka mitambo ikada ndipo lipoti likufunika mawa 8 koloko. Amisiri nawonso ali ndi ana ofuna fizi.