Si juga, Achimwene, ndi masamu

Randburg, Johannesburg

Okondedwa Achimwene,

Ine ndilipo, kungoti chisanu cha June kuno ku Joni sichisewera. Pageti pomwe ndimalondera usiku ndimavala majekete awiri, masokosi awiri, ndi chipewa chija alamu ankachiseka kuti ndi cha agogo.

Uthenga wanu ndaumva. Akuti mnyamata uja anabwera pa basi mwezi watha wauza amayi kuti ine ndalowerera, ndikumatchova juga pa foni usiku wonse, n'chifukwa chake ndalama za malata zikuchedwa. Akutinso amayi apita nayo nkhaniyi kwa anzawo a Mvano kuti andipempherere. Mapemphero ndawalandira ndi manja awiri, koma mlanduwo ndikuukana. Mnyamatayo anakwera basi ku Park Station ndi R200 yanga m'thumba, ndiye mukamamva zonena zake muzikumbukira zimenezo.

Makhadi ndimasewera, sindikana. Masewerawo dzina lake ndi Hearthstone, anawapanga a kampani ya Blizzard ku America, ndipo anatuluka mu 2014. Anandiphunzitsa ndi mwana wa abwana, kamnyamata ka zaka 14 komwe kamabwera kudzakhala nane pageti makolo ake akakalanda kompyuta. Palibe kubetcherana. Ukapambana sulandira ngakhale tambala, ukagonja chimene chimachoka ndi ulemu basi. Intaneti yake ndi ya m'nyumba mwa abwana, imafika mpaka m'kanyumba kanga ka pageti ndikakhala chopendekera kuzenera.

Inu ndinu katswiri wa bawo, mumva msanga. Aliyense amakhala ndi mulu wa makhadi 30 omwe wasankha yekha, ndipo khadi la mtundu umodzi sungaliike koposa kawiri. Aliyense amayamba ndi moyo 30, ndipo wofikitsa mnzake pa 0 ndiye wapambana. Khadi lililonse lili ndi mtengo wake, umalipira ndi timiyala ta buluu totchedwa mana. Ulendo woyamba uli ndi kamodzi, wachiwiri tiwiri, kumangokwera choncho mpaka 10. Ukatimaliza, ulendo wotsatira tadzazanso tokha. Marandi akanakhala otero, bwenzi pano nyumba ya amayi ili ndi chipinda chapamwamba.

Izi zokha musawauze amayi: munthu amene ndimasewera naye mbali imodzi ndi mkazi wamatsenga dzina lake Jaina, woponya moto ndi manja. Palinso wina, Gul'dan, ameneyo ndiye mfiti yeniyeni. Ndi zojambula chabe, koma mukudziwa mmene nkhani imakulira ikadutsa pa chigayo.

Tsopano imvani zomwe zinandionekera Lachiwiri lapitali, cha m'ma 2 koloko usiku. Mdani wanga, yemwe sindikumudziwa ngakhale dziko lake, anatsala ndi moyo 6. Ine ndinali ndi mana 7, ndipo m'manja makhadi awiri. Lina ndi chinyama chaubweya chotchedwa Chillwind Yeti, mtengo wake mana 4. Linalo ndi Arcane Intellect, la mana 3, ntchito yake ndi kukutolera makhadi awiri pamulu. Ine ndi changu changa ndinaponya chinyamacho kaye, pofuna kumuopseza munthuyo. Kenaka ndinati mana 3 otsalawa asapite pachabe, nditole makhadi. Khadi loyamba kutuluka, Achimwene, linali Fireball. Limachotsa moyo 6 ndendende. Mtengo wake mana 4. Ine m'thumba 0.

Ndinaliyang'ana khadilo ngati munthu amene wafika pa bucha nyama ikadalipo koma ndalama wathera mandasi panjira. Makhadi omwewo, mana omwewo, ndikanangoyamba ndi kutola bwenzi nditatsala ndi mana 4, n'kumuwotcha munthuyo, nkhani n'kutha. M'malo mwake anandimaliza iyeyo ulendo wotsatira, n'kunditumiziranso moni waulemu, umene umapweteka kuposa kutukwana.

Kamnyamata kaja nditakafotokozera mawa lake kanaseka mpaka kukhala pansi. Kanati lamulo lake ngakhale ongoyamba kumene amalidziwa: ngati uti utole ndithu, tola kaye, uone chomwe chabwera, kenaka usankhe choponya. Ine ndinangokumbukira inu pansi pa mtengo wa mango uja, mmene mumakhalira chete kuwerenga nkhomo ndi maso dzanja lisanakhudze dzenje, mpaka mnzanu kuyamba kuwodzera. Nthawi yonse ija ndinkayesa mumangofuna kutopetsa anthu.

Chandigwira mtima kwambiri ndi kuwerenga zomwe zatsala pamulu. Tiyerekeze m'khola mwa amayi muli nkhuku 20, ziwiri zoyera, ndipo mwalowa usiku opanda tochi kuti mugwire imodzi. Mwayi woti mutuluke ndi yoyera ndi 2 pa 20, kunena kuti kamodzi pa maulendo 10. Mukagwira ziwiri, mwayi woti imodzi mwa izo ikhale yoyera umafika pafupifupi kamodzi pa maulendo 5. Mukagwira zitatu, ndi 28 pa 100. Ndawerengera ndekha kuseri kwa buku lolembamo magalimoto olowa, ndipo kamnyamata kaja kachonga. Ma Fireball anga awiri ndiwo nkhuku zoyerazo. Ndiye mukaona munthu akudikira limodzi mwa makhadi awiriwo pamulu wa 20 kuti limupulumutse, dziwani kuti maulendo 9 pa 10 alira. Koma khola likamaphwa zinthu zimasintha. Zakuda zikatuluka mpaka mutsale nkhuku 10, zoyera zija zikadali momwemo, kugwira kumodzi kokha mwayi wake wafika kale pa 1 pa 5. N'chifukwa chake anthu odziwa amasunga m'mutu makhadi onse omwe atuluka kale, awo ndi a mdani omwe. Mdani akaponya Fireball kawiri, wachitatu m'mulu mwake mulibe, pokhapokha khadi lina litamupangira. Pamenepo umatha kupumako.

Aphunzitsi aja ankandikwapula pa masamu ku pulayimale akanaona buku limeneli akanagwetsa misozi. Abwana analiona, anandifunsa ngati manambalawo ndi a magalimoto a akuba.

Musaganize kuti kutola n'kwabwino nthawi zonse. Nditaphunzira lamulo lija ndinachita nalo dyera, kumangotola ngati mwana wa pa ukwati. M'manja simukhala makhadi oposa 10. Ukatola la 11 limapsa iwe ukuona, ndipo limapsa ndi lomwe unkalifuna lija, mwina ndi mmene ndimaonera ine. Mfiti uja Gul'dan ndiye woopsa: umapereka mana 2 ndi moyo wako 2 kuti utole khadi limodzi, ndipo ukazolowera umadzipeza wadzidya wekha mdani asanakukhudze. Mulu ukatheratu, nthawi yotola ikakwana amakudula moyo 1, kenaka 2, kenaka 3, kumangokwera. Maulendo anayi okha moyo 10 wapita. Ndi katapila weniweni, ngati uja anatha mbuzi za malemu atsibweni.

Palinso chingwe. Ulendo uliwonse amakupatsa masekondi 75, ndipo nthawi ikamatha pamatuluka chingwe choyaka moto ngati cha bomba. Ndaona kuti chimayamba kupsa nthawi yomweyo imene galimoto ya abwana yafika pageti n'kuliza hutala. Ntchito ndimaidziwa, geti ndimatsegula. Koma ndimatsegula mtima uli pa tebulo.

Tibwere ku nkhani yanu. Masewera akamayamba, woyamba amapatsidwa makhadi atatu, wachiwiri anayi ndi kakobiri kowonjezera mana kamodzi, ndipo aliyense amaloledwa kubweza omwe sakuwafuna kuti amupatse ena. Ndisanachangamuke ndinkakakamira makhadi akuluakulu a mana 8, zinjoka zokongola, n'kumakhala nazo m'manja maulendo asanu ndi awiri osaponya kanthu uku akundimenya. Tsopano ndimabweza. Mndandanda munatumiza uja ndauyala pa tebulo ngati makhadi. Feteleza wa munda wa amayi ndi khadi la mana 2. Malata a zipinda ziwiri zatsalazo ndi la mana 4. Foni ya mwana wanu wamkulu ndi la mana 5, ndipo ndamva kuti mayeso sanakhoze. Njinga yamoto ya kabaza imene mwaidula mzere kunsi kawiri ija ndi chinjoka cha mana 8, pomwe ine pano ndili pa ulendo wachitatu. Ndaibweza pamulu. Siinatayike, ili momwemo, ndipo mwayi woti ituluke chaka chino mungauwerengere nokha ndi nkhuku zija.

Za malata ndiyamba ndatola kaye. Abwana anatchulapo zowonjezera malipiro kumapeto kwa July, koma anazitchula akutsekera galimoto, ndiye sindiponya kanthu ndisanaone khadi limenelo ndi maso anga.

Lachisanu nditumiza R1,500 ya feteleza, mugule msanga anthu asanayambe kulimbirana. Bulangete la amayi ndi nsapato za alamu zibwera ndi basi ya sabata yamawa, m'chikwama chamizeremizere cholembedwa dzina lanu mbali zonse. Amayi muwauze kuti mwana wawo akuphunzira masamu usiku, ndipo a Mvano asasiye kupemphera, angosinthako mutu wake ukhale wa abwana ndi July. Mnyamata wa R200 uja mukamuona, muuzeni kuti ndikuwerengabe.

Ine mng'ono wanu,
wa pageti ku Randburg