Kalata yochokera ku Joni: Amama akalawe madzi amchere

Johannesburg
South Africa

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga, ana ndi Amama. Kuno tili moyo, kungoti lendi ndiyo ikunenepa, ife tikuwonda. Ndalembera inu osati mlongo wangayo chifukwa iye akamva nkhani m'mawa, pofika masana imakhala itatsika yokha mpaka pa Chitimba popanda thiransipoti. Komanso inu ndinu aphunzitsi, munazolowera kuitana maina ndi kubweza ochedwa. Luso limenelo lifunika.

Nkhani ndi iyi: ndagula galimoto. Ndi Toyota Hilux ya double cab, yachikulire ndithu koma mano onse alimo. Disembala ndikubwera nayo, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowera pa Dedza, kenako M1 mpaka kwathu. Ndikapuma, ndikufuna kunyamula Amama kuchoka pa Khondowe mpaka ku Dar es Salaam akaone nyanja yamchere. Nditawatumizira chithunzi cha ku Durban anayankha kuti ndisawapusitse, pamenepo ndi pa Chitimba tsiku la mwera. Nditawauza kuti madzi ake ndi amchere, anafunsa kuti boma la kumeneko limautenga kuti mchere wothira nyanja yonse. Ndiye basi, akalawe okha.

Ntchito yanu yoyamba ndi kuwanyengerera kuti atsike phiri. Inu a ku Dedza simungamvetse, ife a pa Khondowe sititsika wamba. Dr Robert Laws anayesa Cape Maclear mu 1875, anayesa Bandawe mu 1881, malungo akungomusautsa, mpaka mu 1894 anakwera pamwamba pathupo n'kupuma. Mu 1959 boma la atsamunda linatumiza ndege kudzafunsa ngati amishoni akufuna kusamutsidwa, koma anthu analemba pansi ndi zilembo zikuluzikulu pafupi ndi Stone House kuti Aefeso 2:14, ndipo ndege inabwerera ndi vesi basi. Ngati ndege inalephera, Hilux yanga siingathe yokha. Yambani lero, pang'onopang'ono, akamaliza tiyi.

Tsono njira. Yachidule ndi Gorodi: makilomita pafupifupi 15, makona 20, kutsika mamita opitirira 700 mpaka pa Chitimba. Anzanga kuno amatama Van Reenen's Pass, pa msewu wa N3 wopita ku Durban, ati ndi poopsa. Ndimangoseka. Msewu wa tala, mizere yopenta, zikwangwani pena paliponse! Pa Gorodi chikwangwani chochenjeza ndi nkhope ya dalaivala. Msewu uja anaukonza nthawi ya Dr Laws, ndipo pa makona ena Hilux iyenera kubwerera m'mbuyo kaye kuti ikhote, matayala akumbuyo akusuzumira kuphompho. Tidzatsika pa giya yoyamba, mabuleki osawaponda mosalekeza kuopa kuti angatenthe. Amama adzakhale mbali ya kuphiri. Vuto lake n'lakuti pa kona iliyonse mbali ya kuphiri imasintha, ndiye angotseka maso n'kuyambitsa nyimbo, ife tidzavomera.

Disembala ndi nthawi ya mvula. Ikadzagwa usiku, za Gorodi tidzaiwale. Tidzazungulira pa tala wa ku Njakwa, tikatulukire pa M1 n'kutsetsereka pa Chiweta pamodzi ndi malole a malasha. Mafuta adzapita ambiri, koma bola kuchedwa kusiyana n'kukafika pa chipatala cha David Gordon Memorial m'malo mwa Dar es Salaam. Pa Chiweta mawindo atsekedwe. Anyani a pamenepo amadziwa galimoto ya nambala ya ku Joni, ndipo sapempha.

Kuchoka apo ndi mtunda wosalala, nyanja yathu ili kudzanja lamanja, Chilumba, Karonga, mpaka pa Songwe. Pa Karonga tidzathire mafuta mpaka pakhosi. Pa Songwe mpamene ndikufuna maso anu a uphunzitsi. Aliyense akhale ndi pasipoti yosatha ntchito. Kapepala kowolokera pa malire n'kokagulira mpunga tsidya lina, sikafika ku Dar. Amama muwafotokozere mwaulemu kuti yunifolomu ya amayi a Umanyano imatsegula makomo ambiri mu Sinodi ya Livingstonia, koma pa Songwe adzafunabe kabuku. Mapepala a galimoto, inshuwalansi, matirayango ndi chozimira moto, zimenezo n'zanga.

Tikangowoloka pa Kasumulu, mawotchi tidzakankhe ola limodzi kutsogolo, chifukwa Tanzania imadzuka ife tisanadzuke. Mlongo wanga mumuuziretu, poti iye ngakhale pa nthawi ya Malawi amachedwa kale. Kuchoka pa malire kukafika ku Dar ndi makilomita pafupifupi 900. Tidzakwera mapiri a tiyi ndi nthochi ku Tukuyu, kukhota pa Uyole pafupi ndi Mbeya, kudutsa Makambako n'kukagona ku Iringa. M'matauni liwiro ndi 50, ndipo apolisi ovala zoyera amaima pamthunzi ndi kamera yawo, choncho aliyense wondiuza kuti ndipondeko adzalipira yekha. Mawa lake tidzatsika phiri la Kitonga pakati pa mathankala a mafuta, ndipo tidzakumana ndi mzere wa timasienta tochokera padoko tikuthamangira kwathu. Pa Mikumi msewu umadutsa m'kati mwa nkhalango ya nyama. Mukagunda nyama kumeneko mumalipira m'madola, ndipo simuitenga. Kenako Morogoro, Chalinze, ndi mzinda wa Dar, komwe kutentha kwake juzi ya pa Khondowe idzasanduka katundu.

Tsopano nkhani yaikulu, yomwe ndakusankhirani inu. Hilux ili ndi mipando isanu: ine, Amama, mlongo wanga, inu, ndi mphwathu wophunzira umakaniko ku Mzuzu uja, kuti akaone zomwe amalemba pa mayeso. Basi. Kumbuyo n'kwa matayala awiri apadera, jeki, chingwe chokokera ndi madzi. Ndikudziwa kuti mbiri ikamveka, aliyense adzakumbukira kuti anandiberekapo kumsana ndili khanda. Malume adzanena kuti amatha Chiswahili chifukwa anagulitsapo usipa ku Kyela. Azakhali adzati akungotsikira pa Karonga, koma ndi matumba atatu a chinangwa ndi mbuzi. Inu mudzayankhe kuti kaundula anatsekedwa. Galimoto yodzaza pa Gorodi imakhala ngati mtanda woumbidwa ndi mwana wadyera: sudutsa pakhosi, subwerera.

Palinso nkhani ya zigubu. Kuno anthu akapita ku Durban amabwera ndi madzi a m'nyanja, ati amachotsa minyama. Mauthenga ayamba kale kundipeza, ena ochokera kwa akuluampingo amene Lamlungu amadzudzula zomwezo, ati iwo akungofuna kuonetsa ana a Sande sukulu. Tidzatenga chigubu chimodzi cha malita asanu, ndipo wogawa ndi Amama. Pobwera, malo otsala ndi a zitenje za ku msika wa Kariakoo, ndipo aliyense adzagule ndi mashilingi ake. Pofika kumeneko ine ndidzakhala nditasintha randi, dola, metikali ndi kwacha, ndipo thumba lidzakhala litatopa ndi kumasulira.

Ndalama ya mapasipoti ndatumiza pa Mukuru m'dzina lanu. Ndi ya mapasipoti, alamu. Si ya feteleza, si ya malata a khitchini, si ya chinkhoswe cha mwana wa aneba. Pitani nawo Amama ku Mzuzu mwezi uno akajambulitse, ndipo mundiuze mmene mvula ikuyambira ndi mmene Gorodi alili. Moni kwa ana, muwauze kuti nsapato zikubwera ngati malipoti a sukulu ali oyera. Malume musawauze kanthu mpaka titadutsa kona yomaliza.

Ndatha ine mlamu wanu,
wa ku Joni