Mundiyankheko, thonje lathu limasochera kuti?

Ine sukulu ndinalekezera panjira, choncho mafunso anga akaoneka achibwana musandiseke. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndimakhala pa Ulongwe, kwa Mfumu Kalembo, ndipo masana ambiri ndimathera pakhonde pomwe mphwanga amasokerapo zovala, m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Pakhondepo pali wailesi, ndipo ndi wailesiyo imene yandizunguza mutu, chifukwa tsiku ndi tsiku imanena kuti boma likutukula amisiri ang'onoang'ono ndi mafakitale a m'maboma.

Ndiyambe ndi thonje. Kuno ku Balaka talima thonje kuyambira makolo athu. Timapopera, timatola dzuwa likuswa mtengo, ogula amabwera ndi masikelo awo n'kulipakira m'malole. Koma nsalu imene mphwangayu akusoka ndi yochokera kunja, ndipo malaya ndavalawa ndinagula pa kaunjika. Anayamba wavalapo munthu wina kutsidya kwa nyanja. Kodi thonje lija likachoka pano limasochera kuti? Tili anyamata tinkatchena nsalu za David Whitehead za ku Blantyre, fakitale imene inagulitsidwa mu 2003. Nanga pali lamulo loletsa kupota ulusi pamalo pomwe thonje lamera? Kapena makina opotera amaopa kutentha kwa kuno?

Chaka chomwecho cha 2003, nthawi ya a Bakili Muluzi, kunabwera OVOP. Anatiuza kuti nzeruyi inachokera ku Oita, ku Japan, komwe inayamba mu 1979: mudzi uliwonse usankhe chinthu chimodzi, uchikonze bwino mpaka chitchuke. Ndinakondwa, chifukwa kuno malambe ali mbwee. Zaka zoposa makumi awiri zadutsa. Chinthu chathu chimodzicho, ife a pa Ulongwe, ndi chiti? Ndikufunsa chifukwa malambe ndimawaonabe akukwera malole m'matumba, osakonzedwa, monga thonje lija.

Mayi wina woyandikana nane amapanga chakumwa cha malambe chokoma zedi, koma amangogulitsira ana asukulu m'timapepala. Akuti kuti chilowe m'sitolo zikuluzikulu pamafunika chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS, ndipo kuti munthu achipeze, malo opangira akhale aukhondo, a madzi abwino, mabotolo ake olembedwa bwino. Zimenezo n'zomveka, nanenso sindifuna kutsekula m'mimba. Koma nyumba yoteroyo amange ndi ndalama ya timapepala tija? Mu 2016 a Peter Mutharika anakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, yotilimbikitsa kugula zopangidwa konkuno. Ndingagule bwanji chinthu chimene sichinafike pa shelefu?

Tsono nkhani ya ngongole ndiyo imandigonetsa mochedwa. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika anabweretsa thumba la ngongole la MARDEF. Kenaka tinamva YEDEF ya achinyamata, kenaka MEDF, ndipo mu 2020 NEEF. Kuno kwathu mnyamata akapita ku jando amabwerako ndi dzina latsopano, koma zimachitika kamodzi basi, ndipo amabwerako atakula. Nanga mwana uyu wavinidwa kangati? Wakula?

Mdzukulu wanga amawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo. Anapita pamalo ena obwereketsa ndalama kuti agule makina akuluko, ndipo anamufunsa chikole. Iye anati chikole chake ndi manja ake. Anamuseka. Ine mpaka lero sindikuona choseketsa: akanakhala ndi nyumba ya malata ndi galimoto, ngongoleyo akanaifuniranji? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zitsulo zinakwera mtengo sabata yomweyo, koma wogula felemu ankafunabe mtengo wakale. Magetsi akazima, mnyamatayu amangokhala pa benchi n'kumasewera bawo. Kodi pamene wailesi ikuwerenga anthu amene athandizidwa, iyeyu ali m'gulu liti?

Tsopano akuti kuli masomphenya a Malawi 2063, ndipo Liwonde, pafupi pomwepa, ili m'gulu la matauni asanu ndi atatu oti adzakhale mizinda. Njanji yopita ku Nacala imadutsa pomwepo, ndipo ku Kangankunde akuti kuli miyala yamtengo wapatali. Zonsezi n'zabwino. Koma sitimayo idzanyamula zimene tapanga, kapena idzangothandiza kuti thonje, malambe ndi miyala zichoke msanga kuposa pa lole? Mu 2063 ine ndidzakhala nditagona kalekale, ndiye sindingadikire kuti ndidzaone ndekha.

Inu ophunzira, inu a m'maofesi ku Lilongwe, ngati mayankho muli nawo musawatumize pa wailesi, chifukwa wailesi sindingaifunsenso. Tsiku lina popita kunyanja mudzaime pa Ulongwe, mudzafunse khonde la telala. Ndimapezeka pamenepo tsiku lililonse, kupatula Lachisanu masana.