Maso a nkhono pa phiri la Zomba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife akuluakulu mwambi umenewu timaukonda zedi, makamaka pouza ana. Mwana akamadandaula kuti nsima yachedwa, timamuponyera. Akafunsa za njinga imene tidamulonjeza chaka chatha, timamuponyeranso. Koma tafunsani bambo aliyense wa m'tauni kuti maso a nkhonowo ali pati, mumva akuyamba kutsokomola.

Ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalitali tapamwamba. Tiwiri tam'munsi n'tonunkhizira ndi kufufuzira njira. Ukangoikhudza, nkhono imabweza zonse m'kati, ndipo uyenera kukhala phee mpaka itakhulupirira kuti wachoka. M'dziko muno munthu amene ali ndi nthawi yotere ndi mwana wazaka zisanu basi, ndipo amaigwiritsa ntchito tsiku limene inu mwathira mafuta odula m'galimoto kuti banja likakwere phiri.

Paja kukwera mapiri kwasanduka fasho. Loweruka m'mawa banja lafika pamwamba pa Zomba, bambo ndondomeko ili kale m'mutu: damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, kenako Emperor's View, pomwe Haile Selassie wa ku Ethiopia adaima mu 1965 kuyang'ana chigwa cha Phalombe ndi phiri la Mulanje chapatali. Pamkono avala wotchi yowerenga masitepe. Mayi foni aitchaja usiku wonse, chifukwa ulendo umene anzawo sanauone pa WhatsApp sunachitike.

Asanayende n'komwe mamita 100, mawu amveka kumbuyo: "Adadi, taonani!"

Bongololo. Akudutsa njira mwaulemu wake wonse, ndipo mwana wanjuta, akufuna kuwerenga miyendo. Bambo ayang'ana wotchi. "Tiye, tikaona wina kutsogolo." Limeneli ndi bodza loyamba la tsikuli, ngakhale mwatsoka limasanduka loona, pakuti kutsogoloko alikodi wina, ndi wina, ndi gulugufe, ndi bilimankhwe amene nayenso safulumira. Pagulu la Haile Selassie pakadakhala mwana wa msinkhu umenewu, malo aja bwenzi alibe dzina mpaka lero.

Ku Mulanje chaka ndi chaka kumachitika mpikisano wa Porters Race. Anthu amathamanga makilomita pafupifupi 25, kuchoka ku Likhubula, kukwera Chambe, kudutsa Lichenya n'kutsikanso, ndipo opambana satha maola atatu. M'nthawi yomweyo banja lathuli limakhala litayenda kilomita imodzi, litadya theka la kamba, ndipo mmodzi wakodza kale kawiri patchire. Amayi osenza nkhuni ndi anyamata osenza matabwa a paini amawadutsa, kupereka moni, n'kucheuka kuona anthu anayi ovala nsapato zatsopano atazungulira nkhono imodzi. Sanena kanthu. Amayi amenewa phiri amalikwera tsiku lililonse popanda wowajambula, ndipo nkhani yonse amakaimalizira kumsika.

Ine pamlanduwu ndili kumbali ya mwana, ngakhale osati ndi mtima wonse. Malo oonera patali amakhumudwitsa kawirikawiri. M'miyezi yozizira chiperoni chikabwera umangoona nkhungu; m'chilimwe utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa. Ngakhale kutayera bwinobwino, mwana amayang'ana nyanja ya Chilwa kamphindi, n'kufunsa, "Amami, Sobo watha?" Kwa iye chinthu chimene sungachitole kapena kuchitosa ndi kamtengo sichinthu. Pomwe nkhono ija waiona yonse, waona maso akutuluka, ndipo adzakufotokozerani mwezi wathunthu, mufune musafune.

Komabe makolo athu popeka mwambiwu adaiwala kunena kuti kudekha kumafuna kusankha poima. M'nkhalango muli linthumbu. Ukadekha phazi lili pamzere wake, ndi bambo yemwe uja, wa ndondomeko ndi wotchi, amene amavula buluku pagulu uku akudumpha, ndipo apa pokha m'pomwe masitepe amachuluka. Kulinso chitedze, chimene mwana wofufuza amachipeza msanga kuposa wina aliyense.

Ndiponso kudekha kwa mwana n'kwa tizilombo tokha. Za njira alibe nako. Amene anakhala chinjutire theka la ola kudikira nkhono ndi yemweyo amene pobwerera amafunsa "Tafika?" pakona iliyonse, kenako miyendo imafa mwadzidzidzi. Mayi amasula chitenje kuti abereke wamng'ono. Bambo anyamula wamkulu paphewa, n'kudabwa kuti walemera liti chonchi, osadziwa kuti m'matumba a kabudula muli miyala isanu ndi iwiri, zipatso za paini zouma ndi chigoba chimene mwini wake akadali momwemo.

Pamalo oimika galimoto pali anyamata ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi. Anakuonani m'mawa mukuwakana monyada, sanalimbane nanu. Akhala pamthunzi tsiku lonse. Tsopano akuona kholo lopanda mpweya, mwana akulira paphewa akuloza mbale, ndipo akudziwa kuti munthu wotere sanenerera mtengo.

"Bwana, tengani zonse ziwiri, ana asangalale."

Bambo apisa m'thumba la kumbuyo, momwe linthumbu limodzi linatsalira.